Redasau Sinunkha Nsomba

Ana anga, alendo akabwera pakhomo pano mumakonda kuwaonetsa chithunzi chili pakhoma chija, chimene ndavala jekete yakuda nditaima pakati pa aphunzitsi anzanga ku Portugal. Mumati, “Awa ndi ababa, anapita ku Ulaya kukaphunzira kulemba.” N’zoona, ndinapita. Koma mwina mwaona kuti mukayamba nkhani imeneyi ine ndimadzuka n’kupita kukaona nkhuku. Si kudzichepetsa ayi. Tsiku loyamba la maphunziro amenewo ndi limene ndinachita manyazi kuposa masiku onse a ntchito yanga. Tsopano ndinapuma ntchito, palibe mkulu woti ndizimuopa, ndiye ndati ndikuuzeni ndekha. Koma kuti mumvetse, ndiyenera kuyambira ku Chiuta.

Chiuta, zaka zoyamba za ufulu

Ananditumiza ku Chiuta ndili mnyamata wopanda ndevu. Apwitikizi anali atapita, aphunzitsi anali ochepa, ndiye aliyense wodziwa kuwerenga ankamuphunzitsa miyezi yowerengeka n’kumuuza kuti pita ukaphunzitse anzako. Sukulu imene ndinapeza inali yaudzu, mbali imodzi itagwa. Kwadulo, bolodi lolembapo lija, tinkalidetsa ndi makala, ndipo jizi, amene ndi choko, akatha tinkalemba ndi makaka a chinangwa. Ana ena ankadikira kuti nditembenuke kuti adye chotsalacho. Buku la mphunzitsi linalipo limodzi, ndipo linkagona kunyumba kwa a diretori, mkulu wa sukuluyo, pansi pa mtsamiro wawo.

A diretoriwo anali a Mpasuka, munthu wamkulu thupi amene ankayenda ndi wezulo pakhosi ngakhale Lamlungu. Sanali woipa mtima, koma ankaopa a ku boma kuposa njoka. Mayeso atayandikira anandiitana. “Bernardo,” anatero, “akuluakulu a ku Insaca safuna kumva kuti tilibe mabuku. Amafuna kumva kuti ana akhoza. Nanga redasau uchita nayo bwanji?” Redasau ndi nkhani ija mwana amayenera kupeka yekha m’Chipwitikizi pa mayeso. Tsono ana athu kunyumba ankalankhula Chinyanja ndi Chiyao, Chipwitikizi ankakumana nacho pakhomo la kalasi n’kuchisiya pomwepo poweruka. Ndinati sindikudziwa. Iwo anati, “Nanga iwe unakhoza bwanji?” Pamenepo ndinaima njo, manja kumbuyo, n’kulakatula redasau imene aphunzitsi anga a ku mishoni anatilowezetsa ndili mwana. M’chilankhulo chathu imati:

“Mudzi wathu ndi waung’ono, koma ndi wokongola. Uli m’munsi mwa phiri. Pakati pake pali tchalitchi choyera, ndipo belu lake limatidzutsa m’mawa. Mtsinje umadutsa pansi pa mlatho wamiyala. Dzuwa likatuluka abusa amapita ndi nkhosa kudambo, ndipo madzulo amabwera akuimba. Ndimaukonda kwambiri mudzi wathu.”

A Mpasuka anawomba m’manja. “Imeneyo! Uwalembetse imeneyo, asaphonye ngakhale kadontho.” Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinkatchula mawu, ana n’kumalemba, ndipo ndinkatchulanso zizindikiro zake kuti asaziiwale: apa virigula, ndiye mpatuliro; apa pontu, ndiye mpumiro. Kenaka tinkailakatula tonse pamodzi, zizindikiro zomwe, mpaka inasanduka nyimbo imene ana ankaimba popita kumadzi. Mayeso akafunsa za mudzi, zinali zophweka. Akafunsa za banja kapena za tchuthi, mwana ankalemba mzere umodzi wa banja n’kukhotera kumudzi kuja. Ana anakhoza ambiri chaka chimenecho, ndipo dzina langa linamveka mpaka ku Insaca kuti ku Chiuta kuli kamnyamata kodziwa kuphunzitsa Chipwitikizi. Sindinadzifunsepo kuti mudzi umenewo uli kuti. Kwa ine redasau inali ngati jekete ya ukwati: siifanana ndi zovala za kumunda, ndipo ndi chifukwa chake imalemekezeka.

Amaramba, titabwerako ku Malawi

Nkhondo itafika tinathawira ku Malawi, monga mukudziwa. Mbale ndi mipando tinasiya, koma redasau ija ndinapita nayo, poti inali m’mutu. Ndinailembetsa ana a othawa kwawo pansi pa mtengo, ndipo mtendere wa 1992 utabwera ndinabwerera nayo. Ananditumiza ku Amaramba, m’mbali mwa nyanja, kwa mabanja a Chisilamu amene moyo wawo ndi ukonde ndi bwato. Kumeneko kulibe mlatho wamiyala, ndipo chimene chimadzutsa anthu m’mawa si belu koma kuitana kwa kumzikiti. Ana ankalembabe za tchalitchi choyera, ndipo ankakhoza.

M’kalasi mwanga munali kamtsikana dzina lake Asiyatu, mwana wa msodzi wina, Che Saide. Kanali kochenjera, kolongolola, kofunsa mafunso mpaka mutu kuwawa. Tsiku lina ndinawapatsa mayeso oyeserera, mutu wake “Mudzi wathu.” Onse analemba ya masiku onse. Asiyatu yekha analemba zake, m’Chipwitikizi chothyokathyoka: za mayi ake akuwamba milamba, za amuna a njinga amene amadikira pagombe ndi madengu, za bwato la bambo ake limene limalowa madzi. Ine ndinangoona zolakwa. Ndinadula mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenaka, pofuna kuseketsa kalasi, ndinanyamula pepalalo n’kulinunkhiza. “Asiyatu,” ndinatero, “redasau sinunkha nsomba.” Ana anaseka mpaka ena kugwa pansi. Ine pofika madzulo ndinali nditaiwala. Asiyatu analoweza ya mlatho ija kuposa onse, anakhoza bwino, ndipo patapita zaka nayenso anakhala mphunzitsi kusukulu ina ya m’mbali mwa nyanja momwemo. Ndinkamutchula ponyadira kuti ndi chipatso changa.

Insaca, chaka chimene tinasankhidwa

Ndinali nditasamutsidwira ku Insaca, imvi zitayamba, pamene a ku ofesi ya maphunziro anandiitana. Bungwe lina lakunja linkatenga aphunzitsi a m’maiko olankhula Chipwitikizi kupita nawo ku Portugal kukaphunzira kulemba ndi kuphunzitsa ana kulemba. Boma lathu la Mecanhelas linapatsidwa malo awiri. Ena anali anga, poti ndani wina anali ndi dzina pa nkhani ya redasau? Enawo anati akhale a mphunzitsi wamkazi wachitsikana, ndipo anasankha Asiyatu. Vuto linali loti bambo ake anakana.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Amaramba kukawapempha. Ndinawapeza Che Saide akusoka ukonde pansi pa mtengo. Anandiyalira mphasa, tinafunsana za moyo wa pakhomo ndi za madzi a chaka chimenecho, kenaka ndinafotokoza chimene ndinadzera. Anandimvetsera singano ikuyendabe.

“Che Bernardo,” anatero, “mwanayu ali ndi mwamuna womufunsira, ndipo kuchimuna akung’ung’udza kale. Akuti mkazi wopita kutali yekha amabwera ndi mbiri. Ine ndilibe ng’ombe, ndilibe sitolo. Chimene ndili nacho ndi dzina basi, ndipo mwanayu akanyamuka anyamula lomwelo.”

“Sapita yekha, Che Saide. Apita ndi ine. Ndi mwana wanga ameneyu.”

“Ndiye ndikukupatsani inuyo, osati boma. Mukabwere naye dzina lake lili loyera monga mwalitengera.”

Ndinadziguguda pachifuwa n’kulonjeza. Kulonjeza n’kosavuta munthu ukakhala pamphasa ya eni ake.

Tinakwera shapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Cuamba, sitima mpaka ku Nampula, kenaka ndege. Za ndege ndinakuuzani kale kambirimbiri. Chimene sindinakuuzeni ndi chimene tinaona tili m’basi yopita kutauni ya maphunziro, kumpoto kwa dzikolo. Basi itakhota paphiri lina, pansi pake panali kamudzi: tchalitchi choyera pakati, mtsinje, mlatho wamiyala, ndi nkhalamba ikukusa nkhosa. Ndinamugunda Asiyatu ndi chigongono. “Taona!” Anayang’ana mpaka kamudziko kanabisika, n’kunena chapansipansi, “Kani ulipodi.” Munthu wanzeru akanachita mantha pamenepo. Ine ndinanyada, ngati ndapeza mbale wanga.

Portugal, tsiku loyamba, m’mawa

M’chipinda chophunzirira munali aphunzitsi a ku Angola, ku Cabo Verde, ku Guiné ndi ife. Asiyatu anali atandinyamulira chikwama kuchokera kogona, ndipo anakhala pafupi nane patebulo limodzi, monga mwana amachitira pamalo achilendo. Wotiphunzitsa anali mayi wochepa thupi, wa tsitsi la imvi, amene tinkamutcha Dotora Helena. Analowa n’kukhala pamwamba pa tebulo, miyendo ili lendelende. Ine mumtima ndinati a Mpasuka akanaona zimenezi akanaliza wezulo.

Mayiyo anati ali ndi lamulo limodzi lokha. “Lembani zoipa, lembani zolakwika, lembani zochepa, zonsezo tikonza. Koma zikhale zanu. Wokopera za mnzake ndimamubweza kwawo, ndipo amene anamutumiza ndimawauza chifukwa chake. Mphunzitsi wokopera sangaphunzitse mwana kulemba.” Tonse tinagwedeza mitu, ine kuposa onse. Kenaka anagawa mapepala n’kunena kuti aliyense alembe za kumene akuchokera.

Ndinamwetulira. Ulendo wonse uja, ndege zonse zija, kudzandifunsa chinthu chimene ndingalembe ndili m’tulo! Ndinalemba ndi dzanja langa labwino lija, zilembo zopendekeka, osafufuta paliponse, ndipo ndinamaliza anzanga akuluma zolembera. Nditayang’ana kumbali ndinaona Asiyatu atalemba mizere yowerengeka. Anaiyang’anitsitsa, anaifufuta mwamphamvu, anatembenuza pepala, n’kuyamba kulemba mothamanga. Sindinaone zimene ankalemba, ndipo iye sanayang’ane kwanga ngakhale kamodzi.

Poti ndinali wamkulu pa onse, anandipempha kuti ndiyambe kuwerenga. Ndinaima, ndinakonza jekete, ndinawerenga ndi mawu a pa tsiku la mbendera. Anzanga anawomba m’manja mwaulemu. Dotora Helena anapendeketsa mutu n’kunditchula Pulofesa, monga amatchulira mphunzitsi aliyense m’Chipwitikizi. “Chipwitikizi chanu n’choyera, Pulofesa. Mudziwu ukundikumbutsa kwa agogo anga. Kwanu ku Niassa kuli mlatho wamiyala?”

“Ulipo, Dotora,” ndinayankha. Linatuluka lokha bodza limenelo, ndipo ndinakhala pansi ndili wokhutira.

Anawerenga ena. Ndikukumbuka mwamuna wina wa ku Guiné amene analemba za mayi ake akuphika mchere m’mphepete mwa nyanja, utsi ukuwawawa m’maso. Ine ndinkawerenga zolakwa zake mumtima, koma ndinadabwa kuona kuti chipinda chonse chili zii, anthu akumvetsera ngati akuwaona mayiwo. Kenaka anaitana Asiyatu. Iye anapukusa mutu, maso ali pansi. Ndinamunong’oneza m’Chinyanja kuti asandichititse manyazi, aime. Anaima n’kuyamba: “Mudzi wathu ndi waung’ono, koma ndi wokongola. Uli m’munsi mwa phiri.”

Pofika pa tchalitchi choyera wina anatsokomola. Pofika pa mlatho wamiyala ena anayamba kuseka, akuyang’ana mtsikana wofunda mpango wa Chisilamu amene akuti amadzutsidwa ndi belu. Dotora sanaseke. Anatsika patebulo, anatenga mapepala athu awiri, anawaika pamodzi n’kuwayang’ana. Mawu anali amodzimodzi, ngakhale malo a zizindikiro.

“Mwakhala patebulo limodzi,” anatero. “Ndani waonera mnzake?”

Ana anga, yankho ndinali nalo pakamwa, ndipo linali lalifupi. Koma kuti ndilinene ndinayenera kuvomera pamaso pa anthu a maiko onsewo kuti zimene ndawerenga monyada zija si zanga, kuti mlatho uja kulibe, ndiponso kuti dzina langa lonse la uphunzitsi laima pa nkhani imodzi yoloweza. Ndinati ndidikire kaye pang’ono, mwina zipita zokha. Ndili m’kudikira komweko Asiyatu analankhula.

“Ndine, Dotora. Ndalakwa ndine.”

Mayiyo anamuyang’ana mwachisoni. Anati akambirana naye pambuyo pa chakudya, koma lamulo analinena kale ndipo onse analimva. Anatitulutsa kuti tikadye. Ine ndinatuluka pamodzi ndi anzanga, pakamwa panga pali potseka.

Tsiku lomwelo, masana

Kodyera, mwamuna wa ku Angola anandigwira paphewa n’kunena kuti ndisadandaule, ana a masiku ano ndi otero, amafuna zophweka. Ndinagwedeza mutu. Inde, ndinagwedeza mutu, ndipo mpaka lero khosi limeneli ndimadana nalo. Anatipatsa nsomba yawo yamchere ija ndi mbatata, koma maganizo anga sanali pa mbale. Ndinkangoona Che Saide ndi singano yawo. Ndinkaona uthenga ukufika ku Insaca, kuchoka ku Insaca kukwera njinga za ogula nsomba mpaka ku Amaramba: mwana wa Che Saide amubweza ku Ulaya chifukwa chakuba. Akuchimuna akanati tinanena ife. Ntchito yake ikanada, ukwati ukanatha, ndipo palibe bambo wa kunyanja akanalolanso mwana wake wamkazi kupita patali ndi sukulu.

Asiyatu ndinamupeza panja atakhala pamasitepe, mbale yake ili pambali yosakhudzidwa.

“Asiyatu, wavomereranji chinthu chimene sunachite?”

“Nanga ndikanati chiyani, Pulofesa? Kuti mwaonera ndinu?”

“Ukanati tonse tinailoweza kalekale.”

“Pamaso pa anthu? Inu mutanena kale kuti mlatho ulipo?” Anapukuta m’maso ndi nsonga ya mpango. “Kwathu sitinaleredwe choncho. Wamkulu akapunthwa pagulu, mwana ndi amene amati ndakupingani ndine.”

Ndinamufunsa chifukwa chake sanalembe zina, poti ankadziwa kale mumtima mwake kuti ine ndilemba iti. Anati sanaganize n’komwe za ine, mantha anamugwira. “Ndinayamba kulemba za kwathu. Ndinalemba za amayi akuwamba milamba. Kenaka ndinamva mawu anu.”

“Mawu anga ati?”

“Redasau sinunkha nsomba.”

Ndinachita kufunsa kuti ndinanena liti zimenezo, ndipo anandikumbutsa zonse: mzere wofiira, pepala pamphuno, ana akugwa ndi phwete. Sananene mokwiya. Ananena ngati mmene munthu amanenera lamulo la masamu limene anaphunzira ali mwana. Kenaka anawonjezera china chimene chinandimaliza. “Ndi yokhayo imene ndimadziwa, Pulofesa. Ana anga kusukulu ndimawalembetsa yomweyo. Virigula ndi pontu zomwe.”

Ndinamusiya pamasitepepo n’kupita kukafuna Dotora Helena. Ndinamupeza m’chipinda muja, anthu atayamba kubwerera m’malo mwawo. Ndinkafuna kulankhula naye pambali, mwakachetechete, kuti nkhope yanga itsaleko pang’ono. Ndinamuuza kuti mtsikanayo sanaonere, kuti nkhaniyo ndinamulowezetsa ndine ali mwana, ndipo inenso ndinailoweza kwa aphunzitsi anga. Mayiyo anandigwira dzanja mokoma mtima. “Ndikumvetsa, Pulofesa. Ndi mwana wa kwanu, mukufuna kumuteteza. Koma wavomera yekha, ndipo anthu onsewa amva.”

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti za pambali sizithandiza. Chimene chinaonongeka pagulu chinayenera kukonzedwa pagulu. Ndinapempha kuti mapepala onse awiri akhale m’manja mwake, ndipo Asiyatu aitanidwe. Atalowa ndinamuimika kutsogolo, kuyang’ana kukhoma lina, ine kuyang’ana kukhoma linalo, misana itatembenukirana. Ndinaika manja kumbuyo monga ndinachitira pamaso pa a Mpasuka. Kenaka ndinanena m’Chipwitikizi mawu amene ndinkayambira nawo m’kalasi zaka zonse zija: “Tonse pamodzi, kuyamba.”

Tinayamba. “Mudzi wathu ndi waung’ono, virigula, koma ndi wokongola, pontu. Uli m’munsi mwa phiri, pontu.” Mawu athu ankakwera pamodzi, kutsika pamodzi, kupuma pamodzi, nyimbo yomwe ija ya ana a ku Chiuta popita kumadzi. Poyamba anthu anaseka kwambiri, ndipo sindikuwaimba mlandu: bambo wa imvi, wa jekete, akuimba virigula ngati mwana wa kalasi yachitatu. Pofika pa abusa ndi nkhosa kuseka kunali kutatha, chifukwa ankamva kuti mtsikana kumbuyo kwanga akulira, koma osaphonya liwu ngakhale limodzi. Tinamaliza pamodzi: “Ndimaukonda kwambiri mudzi wathu, pontu finale.”

Ndinatembenuka n’kuuza chipinda chonse kuti ku Mecanhelas kulibe mlatho wamiyala umene ndinanena, kuti mudzi umenewo ndinauona koyamba dzulo lake pawindo la basi, ndiponso kuti m’mawa uja ndinakhala chete mwana wopanda mlandu akudzisenzetsa mlandu wanga. Dotora Helena anafunsa Asiyatu chifukwa chimene anavomerera. Iye anangoti, “Ndi aphunzitsi anga.” Kenaka mayiyo anandifunsa ine kuti ndi ana angati amene ndinawalembetsa nkhani imeneyo. Ndinati sindingathe kuwawerenga, ndipo ena mwa iwo tsopano ndi aphunzitsi. Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandidzudzula, chifukwa munthu akakukalipira umapeza pogwira. Anangoti palibe amene abwerere kwawo, n’kutipatsa mapepala atsopano. “Lembani chimene mumaona mukatuluka pakhomo la nyumba yanu m’mawa. Chimenecho basi.”

Tinakhalanso patebulo lathu lija. Asiyatu anagwira cholembera, koma sanayambe. Anaweramira kwa ine n’kunong’ona, “Pulofesa, ndilembe za nsomba?”

Mayi wamkulu, mphunzitsi wa boma, atawoloka nyanja zonsezo, ankapemphabe chilolezo kwa ine kuti anene za kwawo. Ndinalephera kumuyang’ana. Ndinangoti, “Lemba, mwanangu.”

Analemba osadzutsa mutu, pepala linadzaza, anapempha lina. Ine ndinakhala ndi langa. Ndinayesa kukumbukira chimene ndimaona ndikatuluka pakhomo ku Insaca, ndipo ndinkachiona bwinobwino: mpanda wa udzu, mtengo wa mapapaya, amayi anu akusesa. Koma ndikati ndilembe, dzanja linkafuna kuyamba ndi “waung’ono koma wokongola.” Nthawi itatha ndinapereka pepala lili ndi dzina langa lokha pamwamba. Katswiri wa redasau wa boma lonse la Mecanhelas anathera pamenepo tsiku loyamba.

Amaramba, titabwerako

Masiku otsatirawo ndinaphunzira pang’onopang’ono, movutika kuposa achinyamata. Nkhani yanga yoyamba inali ya makaka a chinangwa amene tinkalembera ku Chiuta. Chithunzi mumaonetsa alendo chija chinajambulidwa tsiku lomaliza. Nditabwerera kuntchito sindinalembetsenso mwana aliyense za mlatho, koma zaka zimene zinanditsalira zinali zochepa poyerekeza ndi zimene ndinali nditaulembetsa.

Titafika kwathu ndinayenera kukabweza mwana kwa mwini wake. Tinawapeza Che Saide pansi pa mtengo womwe uja, achibale atasonkhana, akuchimuna aliponso. Asiyatu anaonetsa setifiketi yake, inayenda m’manja mwa anthu. Kenaka bambo ake anafunsa kuti kodi kumeneko ankalemba chiyani. Iye anatulutsa mapepala a tsiku loyamba aja n’kuyamba kuwawerengera, akumasulira m’Chiyao. Munali mayi ake ndi utsi wa milamba, amuna a njinga akukangana pagombe, ndi bwato la Che Saide limene amalimata chaka chilichonse n’kumalumbira kuti chaka chamawa agula lina. Anthu anaseka, mayi ake anabisa nkhope m’nsalu. Che Saide anasiya ukonde.

“Bwato langali,” anatero, “azungu alimva?”

“Alimva, baba. Anafunsa ngati likadayendabe.”

Mkuluyo anapukusa mutu pang’onopang’ono. Kenaka anatembenukira kwa ine. “Che Bernardo, ndinakupatsani mwana, mwabwera naye dzina lake litakula. Kulemba kotereku munamuphunzitsa ndinu?”

Ndinatsegula pakamwa. Ulendo uno ndinali wokonzeka kunena zoona, ngakhale pamaso pa akuchimuna. Koma Asiyatu anayankha ine ndisanalankhule, monga anachitira ku Portugal.

“Ndi iwowo, baba. Kuyambira ndili mwana.”

Anandiyang’ana, ndipo maso ake ankandipempha kuti ndisaononge tsiku la bambo ake. Ndinatseka pakamwa. Che Saide anaitana akazi awo, ndipo anabwera ndi mtolo wa milamba yowamba, yosankhidwa bwino, n’kuumangirira okha kumbuyo kwa njinga yanga. Kukana mphatso ya msodzi n’kumutukwana, choncho ndinailandira ndi manja awiri.

Ndinapalasa kubwerera ku Insaca dzuwa likuswa mtengo, mafuta a nsomba akudontha pa jekete ija ya ku Ulaya imene ndinaipinda pansi pa mtolo. Amayi anu anaichapa kangapo konse, koma fungo silinachoke. Anafuna kuipereka kwa wina, ine ndinakana. Ili m’sutikesi pansi pa bedi mpaka lero. Alendo akadzafunsanso za ulendo wanga, musadzawaonetse chithunzi chokha. Mudzawatulutsirenso jeketeyo, ainunkhize.